Dzina la pa pepala ya sola

Sola ninaiona koyamba pa denga la mai wina wa ku tchalitchi kwathu, kufupi na Palabana. Ninapita kukabwereka sefa chabe, koma ninapeza wailesi ilira masana, mafoni atatu ali pa tebulo adya moto. Ine yanga ninali kupatsira opita na mkaka kuti akaichajise ku msika. Nthawi zina inali kugona komweko masiku awiri, mwana wanga wa ku Kitwe nkumaganiza kuti nafa.

Mai uja ananiuza kuti ali mu kopaletivu ya azimai. Asonkha pang'onopang'ono, nyumba imodzi ilandira sola, kenaka ina, monga chilimba. Ninalowa, na tundalama twa nkhuku na tomato wa ku dimba. Amuna anga apo anali atadwala kale, miyendo yotupa, tsiku lonse pa mpando pakhonde. Anali munthu wa mpira, mwandi. Mabatire akatha mu wailesi sanali kukamba na munthu, ngakhale mbuzi zinali kudziwa. Ninafuna amveko mpira wao mwamtendere.

Tsiku lolembetsa tinakhala pansi pa mtengo wa mango ku tchalitchi. Mlembi wa gulu, mai wachitsikana wophunzira bwino, ananifunsa ati, "Amai, mwini nyumba ni ndani?"

Manje imwe, mkazi wolangizidwa ku Chipata angayankhe bwanji? Njerwa ninaumba ine, malata tinagula na chimanga cholima tonse, koma mwamuna akali moyo sunganene pa anthu kuti nyumba ni yanga. Ninatchula dzina la amuna anga.

"Osalemba lanu, amai? Osonkha ni imwe."

"Iwe mwana, ufuna anthu akambe kuti nawalanda nyumba akali kupuma?"

Azimai anaseka. Wina ati, "Lemba chabe, awa ni akale." Analemba.

Sola yathu inabwera nthawi yokolola. Amisiri awiri anakwera pa denga, kuboola malata, kumanga. Amuna anga anamvera mpira miyezi inayi. Anali kuniitana ku dimba, "Amake mwana, bwerani, agoletsa." Ine mpira siniudziwa olo pang'ono, koma ninali kubwera na matope ku mapazi, kukhala nao pamenepo. Mvula isanayambe anamwalira.

Titaika maliro, abale ao anakhala pansi kugawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Jekete, nsapato, njinga, sininakane. Ndiye alamu anga, ang'ono ao a malemu, anayang'ana kumwamba.

"Mulamu, na chija chili pa denga."

"Chija ni cha ku gulu, alamu. Ninasonkha ine."

"Pepala ilipo?"

Ninakaitenga ine mwini mkati mwa Baibulo, kuganiza kuti izanithandiza. Anawerenga mokweza dzina la akulu ao, pamene panalembedwa mwini nyumba. Sanakalipe ai. Ananibwezera pepala na manja awiri.

M'mawa mwake anabwera atsogoleri a gulu lathu, mai osaopa munthu. Ati tiyeni ku khoti, lamulo la akazi amasiye lilipo, azimai tonse tizachita umboni. Ninakana. Amuna anga anali Angoni, ana ni a kwao. Mtsikana wanga wotsiriza akali pa nyumba, ndipo tsiku akazapeza mwamuna, okamba za ukwati wake ni alamu omwewo. Niwaimike pamaso pa majaji chifukwa cha sola? Atsogoleri anapukusa mutu, anachoka osamwa na madzi omwe.

Alamu anamasula sola na sipanala yobwereka kwa aneba. Anaikulunga mu bulangeti la malemu, batire mu thumba la feteleza, kukwera nazo minibasi. Pa denga panatsala mabowo anayi. Mvula yoyamba inathira pa mbeu zanga za nshawa, ninachita kutseka na mapulasitiki na phula. Azimai anati nilowenso mu gulu, koma mzere ni wautali, ndipo nkhuku zinathera pa maliro.

Patapita masabata atatu, alamu anatuma foni kuchoka ku mudzi. Anafunsa za ana na za mvula.

"Mulamu, chija sichiyaka kuno. Nthambo yofiira ipita kuti?"

Ninaona bwino tsiku lija amisiri akumanga. Ninawauza.