Majombo m'kabwato ka ku Kariba

Alamu anga a Yohane, lero foni yanditulutsira chithunzi chathu cha ku Kariba, tili m'kabwato ka thanga ka abwana anga, tikuyenda pang'onopang'ono kuchoka doko lina kupita lina ngati anthu olemera. Ine kaputeni weniweni, mphepo kundimvera ngati mwana wanga! Inu munakwera mutavala majombo ndi chisoti cha kumgodi, n'kukumbatira mlongoti tsiku lonse. Ndinati, "Tsano, alamu anga, vulani majombowo, tikagubuduzika akukokerani pansi." Inu mumvekere, "Aiwa, ine ndi madzi sitimwerana. Kwathu ndi pansi pa nthaka, ndiko ndimakudziwa." Ndinaseka mpaka ng'ona zonse zinasamukira ku Zambia.

Nyanja yonse ija sinakunyowetseni ngakhale sokosi. Koma madzi a mvula anakupezani komwe mumakudziwako, m'dzenje la golide ku Shurugwi. Eni dzenje anati pampu yopopera madziwo ndi yodula. Lero akukumba lina pambali pake, inu mukadali momwemo, ndipo mlongo wanga alibe manda oti akasese. Munandilonjeza kuti ulendo wachiwiri mudzavula majombo aja. Alamu, mpaka lero simunawavule.