Kalata ya Mpingo Wathu ndi Nsalu ya Pawindo

Loweruka, 12 Juni 1976

Ndadzuka m'mamawa ngati tsiku la mayeso, koma ndili wosangalala. Lero ndi tsiku loyamba la msonkhano wa pachaka wa mipingo ya Baptisti ya m'chigawo chathu, ndipo ine ndine mmodzi mwa amithenga atatu a mpingo wathu wa ku Scarborough, dera lina la mzinda wa Toronto. Mpingo uliwonse umatumiza kalata yofotokoza mmene wayendera chaka chonse, ndipo mthenga mmodzi amaimirira kutsogolo n'kuiwerenga. Chaka chino mpingo unasankha ine, poti ndinapambana mpikisano wolankhula pagulu kusukulu. Kwa masabata awiri ndakhala ndikuiwerenga m'basi, m'bafa, ngakhale m'chikepe cha nyumba yathu, mpaka amayi anati akangoimvanso kamodzi ayamba kuilota.

Msonkhanowu ukuchitikira kumudzi, mtunda wa maola awiri kumpoto kwa Toronto, pa katchalitchi ka njerwa zofiira pakati pa minda. Katchalitchiko kakwanitsa zaka zana, ndiye a komiti anagwirizana kuti zonse zichitike monga ankachitira makolo awo. Anatilembera kuti aliyense abwere atavala ngati mlimi wa nthawi imeneyo. Bambo anawerenga pepalalo, n'kulipinda, n'kunena kuti iwo sanawoloke nyanja kuti adzavale sanza pamaso pa Mulungu. Anavala suti yawo yakuda ndi tayi. Amayi anavala chipewa chabuluu ndi nsapato zagogoda. Ine diresi yoyera ndi nsapato za kusukulu zimene ndinazipolisha kawiri.

Titafika tinapeza kuti ovala bwino ndife tokha. Madokotala a mano, akuluakulu a ku banki, aphunzitsi, onse anali m'maovolosi azigamba ndi zipewa zamlaza, ndevu zomata ndi guluu zili lendelende. Magalimoto anawabisa kuseri kwa khola la ng'ombe. Kuchokera pamenepo tinakwera ngolo ya mahatchi mpaka pakhomo pa tchalitchi, mtunda woti mwana akhoza kuponya mwala n'kufika. Azimayi anali m'madiresi okwekwereza pansi.

Amayi anandinong'oneza: "Kwathu boma linachita kuika lamulo kuti tizivala zazitali chonchi, anthu n'kumadandaula. Awa achita kubwereka kushopu."

Ndinakumbukira misonkhano ya misasa ya kwathu ku Chiradzulu, tisanabwere kuno. Tinkayenda tsiku lathunthu, mphasa pamutu, mapazi atatupa, n'kukagona m'misasa ya udzu masiku anayi. Panalibe amene ankajambula chithunzi. Kuno munthu aliyense ali ndi kamera, ndipo aliyense akupempha mnzake kuti abise yake kuti isaoneke pa chithunzi.

Woyendetsa zonse ndi mayi wina wamtali, wonyamula belu m'dzanja lamanja ndi buku lakale la maminitsi kukhwapa. Anthu onse, ngakhale abusa, akamva belulo amathamanga. Kwa ife amalankhula Chingelezi pang'onopang'ono ndi mokweza, ngati tili ndi vuto la makutu, chonsecho bambo akhala zaka zinayi akugwira ntchito m'labotale ya chipatala chachikulu mumzinda.

Chinthu choyamba kuwakanika chinali moto. Anatulutsa chitofu chachitsulo cha nkhuni kuti aphikirepo nyemba. Azimayi asanu anachizungulira. Anathiramo zipika zikuluzikulu, pamwamba n'kuika nyuzi, n'kumayatsa. Utsi unali tolo, maso ali psuu, moto osaoneka. Amayi anapirira nthawi ndithu, kenaka anandipatsa chikwama chawo kuti ndigwire. Anatulutsa zipikazo, anawaza tinkhuni ndi kankhwangwa, anauzira kawiri, moto n'kuyaka. Anthu anawomba m'manja.

"Mwaonatu," anatero mayi wa belu uja kwa anzake, "kwa iwowa n'chibadwa."

Amayi anamwetulira mwaulemu, n'kunena m'Chichewa: "Moto sabadwa nawo. Amachita kuphunzira, ngati mutu ulipo."

Pambuyo pake ndinapita kukatunga madzi m'chipinda chakumbuyo, ndipo ndinapeza ketulo yamagetsi ikuwira kuseri kwa kabati. Tiyi wa makolo uja amachokera kumeneko.

Tisanalowe m'tchalitchi mayi wa belu anandikodola.

"Iwe ndiwe mtsikana wa ku Scarborough? Kalata ija undipatse, mwanawe. Aiwerenga bambo awo ali apowo." Analoza bambo wina amene ndevu zake zinali zitapendekera kale kukhutu.

Ndinati, "Pepani mayi, mpingo unatuma ine kuti ndiwerenge."

"Ndikudziwa, n'zosangalatsa kwambiri. Koma chaka chino tikutsata za kale. Masiku amenewo akazi sankalankhula pamsonkhano." Anagogoda buku lake ndi chala. "Usadandaule. Ndakusungira mbali yabwino koposa."

Anatsegula thumba n'kutulutsa nsalu yamawangamawanga ngati kambuku. M'mphepete mwake munali mudakali timphete topachikira pawindo. Anati mawa, mapemphero akatha, padzakhala kasewero kosonyeza mmene makolo awo ankasonkhera za umishoni. Bambo wina adzavala ngati mmishonale n'kumachonderera anthu. Ine ndidzaima pambali pake nditafunda nsaluyo, wopanda nsapato, nditasenza mphika wa maluwa, maso ali kumwamba.

"Udzakhala Afirika akudikira kuwala. Palibe choloweza pamtima ngakhale chimodzi. Ungoima chete basi." Kenaka anandigwira dzanja mwachikondi. "Kodi iweyo Uthenga Wabwino unaumva liti koyamba?"

Ndinayankha zoona zokhazokha. Ndinati sindikukumbukira, chifukwa agogo anga aamuna anali kale dikoni pamene bambo ankabadwa. Anati, "Zodabwitsa!" ndipo anandikanikiza nsaluyo ndi mphika wa maluwawo m'manja n'kuimba belu.

Nditawafotokozera amayi, anatambasula nsaluyo, anayang'ana timphete tija, n'kundifunsa: "Akuti akazi sankalankhula? Nanga iwowo chifikireni ife akhalapo chete nthawi yanji?"

Ndinapita kwa abusa athu. Ndi munthu wabwino, wachinyamata, watsitsi lofika m'mapewa, ndipo amaopa mikangano kuposa mmene amaopera Satana. Anakanda m'mutu. Anati akumvetsa, akumvetsadi, koma mayiwo avutikira msonkhanowu chaka chathunthu, ndipo ndi sewero chabe. Anati chaka chamawa ndidzawerenga makalata awiri ngati ndifuna. Kenaka anaona munthu wina patali amene anayenera kumupatsa moni msangamsanga.

Bambo anandimvetsera manja ali kumbuyo. Anati, "Mwanawe, kuno ndife alendo. Mlendo ndi mame."

"Inu bambo," anatero amayi, "mame ake ati okhala zaka zinayi osakamuka? Mwanayu akayende wopanda nsapato pamaso pa anthu, nsapato tinamugulira?"

"Sindinati avule."

"Nanga mwati chiyani?"

"Ndati tione kaye."

Bambo akati tione kaye, ndiye kuti nkhani ikuwawawa koma sanapeze pogwira.

M'tchalitchi amuna anakhala mbali yawo, akazi mbali yawo, ndipo anthu ankaseka ngati aona chinthu chachilendo kwambiri. Ife tinangokhala, poti kwathu ndi mmene timakhalira Sabata lililonse. Analalikira ndi bambo wina wopuma pantchito ya inshuwalansi, amene anawerenga ulaliki wakale wonse osadumpha tsamba. Unatenga pafupifupi maola awiri. Kunja kunatentha, mawindo osatseguka, guluu n'kuyamba kusungunuka. Ndinaona ndevu za munthu wina zikutsetsereka pang'onopang'ono mpaka zinagwera m'buku la nyimbo, mwini wake ali m'tulo. Amene anamvetsera mpaka pa Amen ndi bambo anga okha, atakhala mowongoka m'suti yawo, ndipo potuluka anati mfundo yachisanu ndi chiwiri inali yabwino.

Kenaka anayamba makalata. Ndinakhala ndi yathu m'kati mwa Baibulo. Amuna andevu ankadzuka mmodzimmodzi n'kumang'ung'udza, mutu uli m'pepala. Wina anawerenga tsamba lachiwiri asanawerenge loyamba, ndipo palibe anazindikira. Ndinkamva kuwawa mumtima, chifukwa kalata yathu ili ndi zinthu zenizeni. Muli za gogo wina amene anamwalira m'nyengo ya chisanu, yemwe ankandisungira malo pabenchi pake kuyambira Sabata lathu loyamba, pamene ena onse ankangotiyang'ana. Ndinayeserera chiganizo chimenecho kambirimbiri kuti mawu anga asanjenjemere. Sindikufuna kuti chituluke m'ndevu zaguluu za munthu amene sanamuonepo gogoyo.

Mwamwayi ulaliki unadya nthawi. Wapampando, mlimi wokalamba wa pomwepa, amene ndevu zake zokha ndiye zenizeni, analengeza kuti makalata atatu otsala awerengedwa mawa m'mawa. Yathu ili m'gulu limenelo.

Asanatseke anati kwatsala mwambo umodzi, wa mafunso. Anafotokoza kuti kale mthenga aliyense anali ndi ufulu wolemba funso lovuta mpingo wake n'kuliika patebulo la mlembi. Funso likafika patebulopo, wapampando analibe mphamvu yolibisa. Ankayenera kuliwerenga mokweza, ndipo msonkhano wonse unkayankha poimika manja. Pofuna kusangalatsa anthu, a komiti anali atakonzeratu awiri. Loyamba linali lakuti kodi mbale woimba vayolini paukwati angadye mgonero. Lachiwiri, kodi n'kololedwa kututa udzu wa ng'ombe pa Sabata mvula ikamabwera. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Woimba vayolini anamukhululukira, wa udzu anamudzudzula.

Ine sindinaseke kwambiri. Nditatuluka ndinadikira wapampando uja pamasitepe, ndipo ndinamufunsa mwaulemu ngati lamulo limenelo likugwirabe ntchito mawa.

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. "A komiti andiuza kuti zonse zikhale monga kale," anatero. "Sanandiuze kuti ndisankhemo. Ndiwe mthenga?"

"Inde, bambo."

"Tebulo ukulidziwa pamene lili."

Mayi wa belu anandipeza pamzere wa nyemba. Anatambasula dzanja kuti ndimupatse kalata. Ndinati ndibwera nayo mawa m'mawa, ndipo limeneli si bodza. Anandikumbutsa kuti ndisadzole mafuta kumapazi, kuti adzaoneke otuwa.

Usiku uno tigona kwa banja lina la alimi, monga ankachitira amithenga akale, ngakhale ndaona magalimoto angapo akuzemba kulowera ku motelo ya kumsewu waukulu. Panopa ndakhala pakhonde, dzuwa likadali pamwamba pa mitengo ngakhale tadya kale chakudya chamadzulo. Ndang'amba tsamba pakati pa kope ili ndipo ndalembapo funso langa. Ndinayamba ndi lalitali, lodzaza ndi mkwiyo, lotchula ketulo yamagetsi ndi motelo yomwe. Nditaliwerenganso ndinaona kuti anthu adzangoseka ngati za vayolini zija. Ndiye ndalifupikitsa. Likungofunsa kuti: mpingo ukasankha mthenga n'kumupatsa kalata yake m'manja, kodi msonkhano ungamulande kalatayo n'kumupatsa nsalu ya pawindo?

Ndinawaonetsa amayi. Anati ndichotse mawu akuti pepani amene ndinaika koyambirira, chifukwa sindinaphwanye mbale ya munthu. Kenaka ndinawapatsa bambo, ndikuopa. Anavala magalasi n'kuwerenga kawiri.

"Ukudziwa kuti akhoza kuimika manja n'kukukana, anthu onse akuona?"

"Ndikudziwa, bambo."

"Ndipo Sabata lotsatiralo tidzakhalanso nawo m'tchalitchi chimodzi ena a iwo."

"Inde."

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa cholembera chawo cha inki, chimene salola munthu kuchikhudza.

"Lembanso ndi ichi. Za pensulo amafufuta."

Ndalembanso mosamala, zilembo zikuluzikulu kuti wapampando asavutike ndi maso. Mwina adzandikana. Mwina azimayi adzaopa belu n'kusunga manja pamiyendo, ndipo mwina ena adzati mtsikana wa ku Afirika wawononga chikondwerero. Koma ndinaona atsikana awiri a mpingo wina akukwinya nkhope pamene mayi uja ankandionetsa mphika wa maluwa, ndipo ndikukhulupirira kuti anthu ambiri muno ndi abwino, kungoti sanafunsidwepo poyera.

Mawa ndidzuka anthu asanadye kadzutsa. Nsalu ija ndikaipinda bwinobwino n'kukaisiya pampando wa mayi wa belu, pamodzi ndi mphika wake. Kenaka ndikaika funso langa patebulo la mlembi, n'kukakhala pabenchi yoyamba ya mbali ya akazi nditavala nsapato zanga, kudikira kuti wapampando aliwerenge.