Theka la a Wagiyo

A Wagiyo akhala akumata matayala a njinga pansi pa mtengo wa bwemba, polowera mumsika wathu kuno ku Klaten, kuyambira tsitsi lawo lili bii. Akazi awo anamwalira kalekale. Tsidya la msewu kuli mayi Sumirah, nawonso amasiye, ogulitsa tiyi wa jinja, ndipo tonse tinkadziwa chifukwa chimene kapu ya a Wagiyo inkatsekemerera kuposa zathu.

Awiriwa atafuna kukwatirana, akuluakulu anawerengetsa masiku awo obadwa monga mwa mwambo, n'kupukusa mitu. Akuti masikuwo sagwirizana, banja lotere silikhala. A Wagiyo sanatsutse, anangobwerera kumatayala awo.

Tsiku lina mphunzitsi wa masamu, podikira njinga yake, anawauza za pai, nambala imene imatuluka ukagawa kuzungulira kwa tayala ndi kutambalala kwake. Anati manambala ake amangopitirira osatha, osakanikirana ngati mpunga wotayika, ndipo mwina tsiku lobadwa la munthu aliyense lilimo penapake.

"Ndiye langa ndi la munthu wina angapezeke atakhala moyandikana?" anafunsa a Wagiyo.

"Mwina, bambo. Koma n'kutali."

Aphunzitsiwo anawaikira manambalawo pafoni, nawauza kuti foniyo ingathe kufufuza yokha. A Wagiyo anakana. Akuti mkazi safunidwa ndi batani.

Kuyambira pamenepo, masana msika ukamawodzera ndi kutentha, iwo ankatsamira tsinde la bwemba n'kumawerenga chapansipansi, tayala lina likuzungulira lokha pambali pawo. Ankati akuyenda m'dziko lopanda malire, momwe manambala amagwa ngati mvula. Penapake anakumana ndi manaini asanu ndi limodzi atandondozana ngati abakha opita kumunda wa mpunga, ndipo anasangalala mlungu wathunthu. Ife njinga zathu zinkangodikira.

Mvula inabwera, inapita, inabweranso. Kenako tinamva kuti mwana wa mayi Sumirah akufuna amayi akewo asamukire kwa iye kumzinda wakutali wa Surabaya. Mayiwo anawoloka msewu, manja ali m'chiuno, ife makutu tcheru.

"Inu a matayala, basi yanga ndi ya Lachisanu. Mwafika pati?"

"Lanu ndalipeza, mayi, tsiku ndi mwezi womwe. Pambali pake pali tsiku langa. Koma mwezi wanga sunabwere."

"Ndiye mulimo theka?"

"Theka," anavomera a Wagiyo, maso ali pansi.

"Iii, pamsinkhu uno mwamuna wathunthu ndikamuika pati? Mano omwe munatsala nawo ndi theka. Sambani m'manjamo, tikawaonenso akuluakulu aja."

Lachisanu basi inanyamuka, mpando umodzi uli wopanda munthu. Akuluakulu nawo, ataona nkhope ya mayi Sumirah, anakumbukira mwadzidzidzi kuti masiku osagwirizana amakonzeka ndi tambala mmodzi ndi mpunga wachikasu. Tinadya nawo paukwati wawo, ndipo palibe anafunsa kuti nzeru imeneyi inali kuti zaka zonsezi.