Mfundo za pa Bango

Mizhir anabadwira m'dambo la Chibayish, ndipo imvi zinamupeza ali ndi mponda, ndodo yokankhira bwato, m'manja. Ntchito yake inali kuyendetsa alendo pa bwato m'ngalande za m'bango, kuwaonetsa akakowa, atsekwe ndi njati zosambira zitatulutsa mphuno zokha. Koma chimene ankanyadira kwambiri chinali katumbu wamkazi wa padziwe lina lobisika. Zaka zisanu ankamuponyera tinsomba, mpaka katumbuyo anazolowera kutuluka akamva mponda ukugogoda bwato.

Njira ya kudziweko ankailemba ndi mfundo, zimene ankamanga kunsonga kwa bango pamphambano iliyonse. Pamene analakwitsa m'poti anaonetsa mfundozo Thamir, mwana wa mlongo wake, amene atagula bwato la injini anayamba kuyenda ngati madzi onse ndi a bambo ake.

M'mawa wina Mizhir anagogoda bwato, koma padziwe panali zii. Chikopa cha katumbu uja anakachipeza chitakhomedwa pakhoma kwa Thamir.

"Amalume, nkhope yonseyo chifukwa cha kanyama?" anatero Thamir. "Kamandidyera nsomba mu ukonde. Kapena munakalowola?"

Mizhir anamwa tiyi amene anamuthirira, n'kuthokoza, n'kumapita. Mtima unali ukuwira. Chipepeso sankachifuna ayi, ankafuna Thamir achite manyazi anthu akuona.

Anadikira mpaka chilimwe, madzi ataphwa. Ndiye anamva kuti Thamir akukayendetsa m'dambo Haji Falih ndi ana ake aamuna, kuti awakope, poti ankafunsira mwana wamkazi wa Hajiyo. M'mamawa wa tsikulo Mizhir anamasula mfundo zitatu n'kuzimanga pa kangalande kothera m'thope mogona njati. Ankadziwa kuti mwana wa mlongo wakeyo satha kuona kuya kwa madzi, amangotsata mfundo basi.

Dzuwa lili paliwombo, bwato la injini linali litajima m'thope. Thamir anatsika kuti akankhe, ndipo anatitimira mpaka m'chiuno, ntchentche za njati zikumuchitira phwando. Mizhir anatulukira ndi kabwato kake kopepuka, akukankha ndi mponda pang'onopang'ono ngati wangodutsa.

"Mtendere ukhale nanu, Haji. Kwerani muno, dzuwali si la munthu wamkulu."

Atakhazikika m'kabwatomo pamodzi ndi ana ake, Haji Falih anapukuta thukuta. "Mnyamatayu anatilonjeza kuti tiona katumbu. Kodi alipodi?"

"Mumuona, Haji. Ali pakhoma kunyumba kwa mnyamatayu. Ana awiri a katumbuyo anafa ndi njala, ndinawakwirira ndekha."

Haji anacheuka n'kumuyang'ana Thamir nthawi yaitali. Kenako anauza mwana wake wamkulu kuti akafika kumudzi abweze nsalu ndi mphete zimene anabweretsa a kuchimuna.

"Amalume, nanga ine mundisiya pano?" anafunsa Thamir.

Mizhir anazika mponda m'madzi n'kukankha. "Gogoda bwato, mwana wa mlongo wanga. Mwina wina atuluka."