Thanga Limene Ndinasokera Ababa

Kuseri kwa nyumba yathu kwa Chiwalo kunali boti lovundikira pa njerwa, ndipo ine ndinakula ndikuliyesa khola la nkhuku. Pansi pake pankanunkha zitosi ndi phula lakalekale, mavu anamangamo zisa, ndipo pa chibisaliro ana tonse tinkathamangira momwemo ngakhale aliyense ankadziwa kuti wofuna anzake ayambira kusuzumira kumeneko. Botilo linali la ababa. Nyanja ya Chilwa itaphwa, anthu n'kumapalasa njinga pamene kale ankaponya ukonde, ababa analikweza pangolo, kulivundikira kuseriko, n'kunyamula kachikwama kuti akukafuna ganyu kutsidya, mbali ya Mozambiki. Anachoka ndili Sitandade 2, anabwera ndili Sitandade 5, ndipo pakati ponsepo sitinalandire ngakhale moni wotumiza pa munthu.

Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi. Munda unali wa amayi, nyumba inali pamalo a amayi, ndipo ife ana tikalakwa nkhani inkapita kwa amalume. Chinthu chokha chimene ababa akanachiloza pamudzi paja n'kunena kuti ichi n'changa chinali botilo. Zimenezi ndikuzidziwa lero. Nthawi imeneyo ndinkangodziwa kuti anzanga ali ndi abambo owatuma fodya, ine ndilibe.

Chaka chimene kunagwa mvula ya mvumbi, mitsinje ya Sombani ndi Phalombe n'kusefukira, madzi anabwerera m'nyanja, mabango anaphuka, matemba anayambanso kuoneka pamsika. Chimanga chitauma m'munda, ababa anatulukira masana ena atavala chipewa chachilendo, akuyenda ngati anangochoka dzulo. Azimayi kumjigo ankagwedezana n'kumati madzi saiwala khwawa. Amayi anawapatsa madzi osamba ndi chakudya, mafunso ayi. Ine ndinasangalala mpaka kudwala nako, koma mumtima munali mantha amodzi okha, oti apitanso. Ndi nzeru zanga za mwana ndinawerengera chonchi: chinawachotsa ndi nyanja youma, ndiye boti likangokhala pamadzi, alibenso chochokera. Choncho tsiku limene anati tilitembenuze, ine ndinali woyamba kugwira.

Litagona chagada, aliyense anagwira pakamwa. Chiswe chinali chitadya matabwa awiri a pansi mpaka kusanduka ufa, misomali inali dzimbiri lokhalokha, ndipo dzuwa la zaka zitatu linali litatsegula ming'alu yoti chala changa chinkalowa chonse. Amalume anaseka n'kunena kuti nkhuni zapezeka, alamu asavutike. Ababa anangoyamba ntchito. Anandipatsa khasu lothyoka kuti ndizipala phula lakale, iwo n'kumazula misomali umodziumodzi n'kumaiwongola pamwala. Thabwa lolowa m'malo mwa odyedwa aja linasowa, ndiye anazula chitseko cha khitchini ya amayi. Amayi anangopachika chiguduli pakhomopo, mbuzi n'kumalowa monga zifunira.

Ming'alu timaitseka ndi nsanza zopota, kuzikhomera ndi kachitsulo mpaka zitalimba, kenako kuthira phula lotentha pamwamba. Nsanza za m'nyumba zinatha tsiku lachiwiri. Amayi anang'amba zitenje zawo zakale, zitatha anatulutsa china chimene chinali chisanafike pong'ambidwa. Phula tinkalisungunula m'chitini pamafuwa, utsi wake wakuda n'kumalowa m'maso, m'zovala, mpaka m'makaka, chinangwa chouma chimene tinkadya masana. Mpaka lero ndikadutsa pamene akukonza msewu, fungo la phulalo limandikumbutsa masiku amenewo. Titamata lonse, amuna a m'mudzi anatithandiza kulifikitsa kudooko, ndipo kumeneko ndinaona zimene zinandiliza: ababa analidzaza miyala n'kulimiza dala. Anandiuza kuti boti lokhalitsa pamtunda limayenera kumwa madzi masiku angapo kuti matabwa afufume n'kugwirana okha, apo ayi likumiza tsiku loyamba.

Boti lili pansi pa madzi choncho, ababa anatsitsa kudenga chinthu chimene sindinkadziwa kuti tili nacho, thanga lakale, chinsalu chokola mphepo. Makoswe anali atalidya moti linkangoyoyoka m'manja. Anati pakufunika latsopano, la matumba a feteleza. Matumba anali a amayi, osungiramo chimanga ndi nandolo, ndipo amayiwo anawakhuthula okha pamphasa. Koma singano sanaigwire. Munthu amene anapereka chitseko ndi zitenje, amene anasenza miyala pamutu kupita nayo kudooko, pa thanga pokha anati msana ukumupweteka, n'kutenga khasu kupita kukakumba chinangwa. Ndinawakwiyira kwambiri. Mumtima ndinkati amayiwa ndi amene amathamangitsa ababa ndi nkhope yawo yosasekayo.

Ndiye ndinasoka ndine. Kusukulu ndinajomba masabata awiri, popanda wondifunsa. Tinkayala matumba pansi pa mtengo wa mango, ababa n'kumadula ndi kundigwirira m'mphepete, ine ndikulowetsa chisingano cha matumba ndi ulusi wa ukonde wakale, msoko uliwonse kawiri kuti mphepo ya mwera isaung'ambe. Kunali kuzizira kwa mwezi wa chiperoni, phiri la Michesi litafunda mtambo tsiku lonse, zala zanga zitachita matuza n'kuphulika. Sindinadandaule ngakhale kamodzi. Ababa ankandiphunzitsa mfundo za chingwe, ankandiuza mayina a mbalame za m'mabango, tsiku lina anandiotchera mbatata n'kundisendera okha. Amalume atadutsa, ababa anakweza thangalo n'kunena kuti, "Taonani alamu, mwana uyu dzanja lake ndi la telala. Msoko uwu ngakhale mphepo ilimbe bwanji, sungamasuke." Mawu amenewo ndinagona nawo, ndinadzuka nawo.

Tsiku loyandamitsa boti linali Lachiwiri m'mawa. Anachotsa miyala, kukapa madzi, ndipo silinadonthe ngakhale pang'ono. Anaimika mlongoti wa bulugamu pampando wapakati. Kenako anayamba kulongeza: bulangete, wailesi, poto, nsapato zawo za kutchalitchi. Ndinaziona ndi maso angawa, koma ndinadziuza kuti asodzi amagonera m'nyanja sabata yathunthu, nsapatozo mwina akuopa akuba. Miono yawo yophera nsomba inatsala kunyumba, itatsamira nkhokwe, ndipo ngakhale zimenezo sizinandiuze kanthu. Amayi kudooko sanabwere. Ababa anandisisita kumutu n'kuti, "Ndikaliyese kaye thanga lakoli, mama. Loweruka ndili pompano." Anakankha ndi nsungwi mpaka kutuluka m'mabango, n'kukoka chingwe. Mwera unalidzaza thanga lija nthawi yomweyo, zilembo za feteleza zikuoneka zina chadodolido, ndipo boti linathamanga kulowera kumpoto. Ine ndinkalumpha pamatope ndikukuwa kuti anthu onse amve: ndasoka ndine, ndasoka ndine!

Loweruka ndinapita kudooko. Loweruka linalo ndinapitanso, ndi linalo, mpaka asodzi anayamba kundiponyera timilamba tating'ono kuti ndichoke, chifukwa ndinkawamvetsa chisoni. Nkhani inabwera ndi mayi wina wogula nsomba, amene anainena pamjigo mosadziwa kuti mwana wa munthu amene ankamunenayo ali pomwepo ndi ndowa. Ababa anali kutsidya. Anali ndi mkazi kumeneko ndi ana awiri, wamng'ono akuyamwa, ndipo ankawolotsa anthu ndi katundu pa boti la thanga loyera. Kwathu sanabwerere ife. Anabwerera chinthu chawo chokhacho chimene sichikanatheka kusenza pamutu, ndipo ankafuna manja oti awakonzere.

Ndinakhala zaka ndisanawafunse amayi. Ndinafunsa ndili kale ndi mwana wanga, tikusola nandolo pakhonde, ngati ankadziwa. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Ndinadziwa tsiku lomwe anatsitsa thanga kudenga. Wovuula miono m'mabango mwathu muno amangofuna nsungwi basi. Thanga ndi la munthu wowoloka. Lakale lija ndi lomwe anabwera nalo podzandifunsira, ndipo linaolera kudenga chifukwa munthu wokhazikika alibe nalo ntchito."

"Nanga munandilekereranji kuti ndisoke?"

"Iwe, ukanandimvera ine? Komanso munthu uja akanapitabe, kaya pamadzi kaya pansi. Ndinati bola mwanayu akhaleko pafupi ndi bambo wake masabata awiriwo."

Amayi ankayesa kuti anandipatsa mphatso, ndipo mwina inalidi mphatso, koma ine sindinawathokoze ndipo sindinama kuti ndinakhululuka. Akuluakulu onse a pamudzi paja ankadziwa ntchito ya thanga. Amalume ankadziwa, amuna amene anatithandiza kukoka boti ankadziwa, asodzi amene anandimva ndikukuwa pamatope paja ankadziwanso, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona kuti mwana wa zaka khumi ndi chimodzi n'ngoyenera kuuzidwa. Nyanja ija yaphwanso, yadzazanso, maboti ambiri tsopano ndi a injini, ndipo ana anga thanga la matumba sanalionepo. Uthenga wa maliro a ababa utafika, abale anandikakamiza kuti ndipite, akuti bambo ndi bambo. Sindinapite. Pa moyo wanga wonse, masiku amene munthu uja anakhala nane pansi n'kundiyang'ana ngati mwana wake ndi masabata awiri okha, ndipo onsewo ndinathera kumusokera chochokera.