Mphaka Wosalira wa Che Kassimu

Aliyense amene anadyapo kanyenya wa mbuzi pa msika wa Chinsapo zaka zapitazi anadya za m'manja mwa Che Kassimu, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Mkuluyu analibe butchala, analibe khola, ngakhale kamwana ka mbuzi kamodzi analibe. Chuma chawo chinali mpeni umodzi wa chigwiriro chakuda ndi dzanja lamanja. Ntchito yawo inali kuzinga. Ogulitsa nyama pamsikapo, ambiri a iwo Akhristu, ankadziwa kuti Msilamu sagula nyama yophedwa chisawawa, ndiye m'mawa uliwonse ankawaitana kuti adzagoneke mbuzi, atchule dzina la Mulungu, adule kamodzi. Kamodzi kokha! Osati za anyamata amasiku anowa, ocheka khosi ngati akucheka thabwa, mbuzi ili mee! mee! mpaka wodutsa m'njira kumva chisoni. Akamaliza ankasamba m'manja, kulandira kangachepe kawo ndi kachidutswa ka mapapo, n'kumapita kwawo.

Anabwera mu Lilongwe kuchokera ku Namwera ali mnyamata, n'kuyamba ndi kusoka nsapato pakhonde la sitolo ina. Anakwatira Hanifa, mayi woseka kwambiri, n'kubereka ana aamuna awiri omwe onse anakalowera ku Joni ndipo amaimba foni pa Idi pokha. Che Kassimu sanali munthu wa nkhani. Moni ankayankha, za eni sankazitola. Kuno kwathu munthu wotero timamuyamikira pamaso, kumbali tikumufunsa kuti kodi akubisa chiyani.

Mphaka wawo anamupeza tsiku lina m'mawa kuseri kwa malo ophera mbuzi. Kanali kamwana, kakuda bii, katakodwa mu msampha wa waya womwe wina anatchera makoswe. Wayayo anali atalowa m'khosi mpaka kholingo kuonekera. Wogulitsa nyama wina anati, “Che Kassimu, mpeni muli nawo, kamalizeni kasavutike.” Iwo anakana. Anati mpeni wawo ndi wa zodyedwa zokha. Anakanyamula m'chisoti chawo mpaka kunyumba, Hanifa n'kukagwira miyendo, iwo n'kutulutsa singano yakale ija ndi ulusi wa nsapato. Munthu amene wadula makosi osawerengeka anasoka khosi limodzi tsiku limenelo. Kamphaka kanachira, koma mawu anatsalira pa waya paja. Hanifa anakatcha Ulusi.

Hanifa atamwalira ndi matenda a shuga, m'nyumba muja munatsala awiri osalankhula. Ulusi ankatsegula pakamwa ngati mphaka aliyense, lilime kuoneka, ndevu kugwedera, koma osatuluka kanthu. Che Kassimu anaphunzira kumva zimenezo ndi maso. Akatsegula pang'ono, ndiye kuti njala. Akatsegula kwambiri atayang'ana kuchipata, kwabwera munthu. Akatsegula kawiri atakhala pa mkeka wa malemu, iwo ankangoti, “Eya, nanenso ndamusowa.” Musaseke, mphakayo ankamukonda, ndipo chinali chokhacho chamoyo chimene chinatsala m'nyumbamo chomwe manja a Hanifa anachigwirapo.

Kuseri kwa mpanda wawo kunkakhala a Leston, a kabaza wa njinga yamoto, ndi akazi awo Mai Kettie. Mayi ameneyu ndiye anali mawu a dera lonselo. Pamaliro akangoyambitsa nyimbo, ngakhale amuna ouma mtima aja okhala pansi pa mtengo ankayang'ana kumbali n'kumapukuta m'maso. Ulusi ankalowa m'khitchini mwawo kukagwira makoswe, iwo n'kumamuponyera mitu ya usipa. Zaka zisanu ndi ziwiri anakhala choncho popanda wodandaula.

Ndiye kunabwera Okutobala wa chaka chatha, dzuwa lija loswa mtengo, fumbi la Chinsapo lili kobo! Maliro anagwa atatu motsatizana, ndipo Mai Kettie anaimba onsewo osapuma. Atabwerako kumanda achitatu mawu anasasa, m'mawa mwake anatheratu. Mwana wa sitandade wani akanakuuzani chifukwa chake. Koma mvula ikakuona litsiro sikata: m'mawa womwewo mlamu wawo wa Mai Kettie anapeza Ulusi atakhala pazenera la kuchipinda, akuyang'ana wodwalayo, akutsegula pakamwa popanda mawu.

Pofika masana nkhani inali itafika kale pa mpopi wa madzi. Kumeneko amayi ena anaikonza bwinobwino, n'kuiveka nsapato. Amvekere mphaka wosalira si mphaka, ndi munthu, amaopa kulira chifukwa angatuluke mawu a munthu n'kuzindikirika. Amvekere watopa ndi kukhala duu, ndiye wayamba kuba mawu a eni. A Leston anathamangira kwa mneneri wina wopempherera anthu m'tenti, yemwe anawauza kuti mdani wawo ali pafupi ndipo amayenda ndi miyendo inayi. Ha, ulosi wake umenewo! Mu Chinsapo muli nyumba yopanda galu, mbuzi kapena mphaka pafupi?

Loweruka cha m'ma fili koloko Che Kassimu anali pakhonde, atavala mkanjo wawo woyera, Ulusi ali pamiyendo. Mphakayo anadzutsa mutu n'kutsegula pakamwa kwambiri atayang'ana kuchipata. Chipata chija sichinatsegulidwe, chinagwetsedwa. Patsogolo panali a Leston, maso ali psuu, pambuyo pawo anzawo a pa siteji ya kabaza akununkha kachasu, kenako amayi a pa mpopi aja, kenako wina aliyense amene analibe chochita tsiku limenelo. Ena anali atanyamula zidutswa za njerwa, wina mpini wa khasu.

“Madala, mubweze mawu a akazi anga,” anatero a Leston.

“A Leston, mawu a Amayi ndingawatenge bwanji ine? Apatseni uchi ndi mandimu, apume.”

“Nanga chinthu chanucho chimalekeranji kulira?”

Che Kassimu anaganiza kuti choonadi chiwathandiza. Anakweza chibwano cha Ulusi, n'kupatula ubweya, n'kuonetsa chipsera chija, mabowo a singano akuoneka m'mbali mwake. Anayamba kufotokoza za waya, koma ndani anamva? Mayi wina anakuwa kuti, “Mayo ine, n'chosoka! Anachita kuchisoka ngati chithumwa!” Khamu linasendera pafupi.

Apo ndi pomwe a Jeremiah, tcheyamani wa chitetezo cha m'deralo, analowererapo. Munthu wabwino ndithu, ndipo ankaona ngati akuthandiza. Anakweza manja n'kunena kuti, “Abale, tisachite phuma. Mphaka ndi mphaka. Ameneyu akangolira kamodzi tonse tikumva, nkhani yatha, aliyense kwawo. Mwavomera?” Anthu anavomera. Che Kassimu okha ndi amene ankadziwa kuti chigamulo chimenecho ndi imfa.

Mnyamata wina wa kabaza anagwira mchira wa Ulusi n'kuupotokola mpaka kumveka thyo! Mphaka anapinda msana, anatsegula pakamwa mpaka mano onse kuoneka, anakanda dzanja la mnyamatayo magazi n'kutuluka, koma mawu ayi. Che Kassimu anamulanda, n'kumulowetsa m'kati mwa mkanjo, pachifuwa. Ankamva kamtima kake kakugunda pakhungu lawo.

“Ali ndi mantha,” anatero. “Mwamuchulukira. Ndipatseni mpata, alira.”

Anatembenuka kuyang'ana kukhoma, anawerama, n'kuviika chibwano m'khosi la mkanjo. Ndiye bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi, wa ndevu zoyera, amene sanakwezepo mawu pamsika ngakhale tsiku limodzi, anafinya kukhosi kwake n'kulira.

“Miyaawu.”

A Jeremiah anapumira m'mwamba, ena n'kuyamba kutsitsa njerwa. Zikanathera pomwepo, abale, zikanathera pomwepo! Koma Che Kassimu anaopa kuti akumbuyo sanamve, ndiye anabwereza. Nthawi yomweyo Ulusi, posowa mpweya, anatulutsa mutu paphewa pawo n'kuyang'ana khamu lija, pakamwa ali chitsekere, kulira kukumveka.

“Mwaona! Mphaka ali chete, akulira ndi mwini wake! Asinthana!”

Njerwa yoyamba inawapeza kuseri kwa khutu, chisoti n'kugwera m'fumbi. Anawakokera pabwalo ndi mkanjo mpaka unang'ambika. Wina analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mpeni wa chigwiriro chakuda uja, a Leston n'kuuponya patsogolo pawo.

“Zingani nokha! Si ntchito yanu? Zingani tione!”

“Mpeni umenewo ndi wa zodyedwa,” anatero Che Kassimu, magazi akutsikira m'ndevu. “Sindingatchulire dzina la Mulungu pa zimenezi.”

Anagona chafufumimba, mphaka ali pansi pawo, dzanja lamanja litagwira dothi. Anawaponda kumsana, m'nthiti, m'khosi. Anthu omwe akhala akudya nyama ya m'manja mwawo zaka zonsezi, amene ankawaitana kudzazinga mbuzi ya ukwati wa ana awo! Mpini wa khasu uja unatsika padzanja lija katatu. Kachitatu anamva zala zikuphwanyika ngati nkhuni zouma, mphamvu n'kuwathera, ndipo anawagubuduza.

Ali chigonere choncho, diso limodzi litatsekeka ndi magazi, anaona Mai Kettie. Anali atatuluka opanda mpango kumutu, akukankha anthu, akukoka malaya a amuna awo, pakamwa ali yasa, misempha ya m'khosi itatupa. Amayi a pa mpopi anawagwira n'kumawauza kuti, “Limbani mtima, Amayi, mawu anu akubwera pompano!” Ankayesa kuti mayiyo akuchemerera.

Ulusi anamuponya m'thumba la feteleza n'kumanga kukamwa. Anayamba ndi njerwa. Thumba linkadumpha, linkagubuduzika, linkafiira, koma silinatulutse ngakhale kamawu kamodzi, ndipo chete ameneyo ndi amene anawapengetsa. Akanalira mwina wina akanachita manyazi. Anamenya mpaka thumba linaleka kugwedera, kenako wina anapopa petulo mu njinga yake n'kuthira, wina n'kukhwatcha machesi. Galimoto ya apolisi itatulukira pakona, bwalo lonse linayera, kunangotsala utsi, nkhwayira za anthu ndi a Jeremiah atagwira kumutu.

Che Kassimu anakhala kuchipatala masabata awiri. Nthiti zinalumikizana, koma zala zitatu za kudzanja lamanja sizipindikanso mpaka lero. Anayesapo kuzinga ndi lamanzere kamodzi, mbuzi inalira, iwo anaika mpeni pansi n'kuchokapo osatsanzika. Ogulitsa nyama anapeza mnyamata wina wa ku Biwi. Masiku ano Che Kassimu amakhala pakhomo lolowera mumsika ndi mwala wonolera, kunola mipeni ya anzawo ndi dzanja limodzi. Akamadutsa m'njira ana amabisala kuseri kwa mipanda n'kumati miyawu, miyawu, akuluakulu ali pomwepo osawaletsa.

Mawu a Mai Kettie anabwerera patatha masiku asanu ndi anayi, ndi uchi ndi mandimu omwe aja. Dera lonse linati, “Mwaonatu, mankhwala ake kunali kupha mphaka uja.” A Leston anagona kupolisi masiku awiri, n'kutuluka akuyenda ngati ngwazi. Koma chodabwitsa n'chakuti mayiyo sanayambitsenso nyimbo pamaliro alionse. Akawapempha amangopukusa mutu.

Che Kassimu atatuluka m'chipatala, Mai Kettie anadikira kuti amuna awo apite ku siteji, n'kuzungulira mpanda. Anawapeza pakhonde, dzanja lili m'chikhakha, akuyang'ana pamalo pakuda paja pomwe udzu unapsa. Anagwada patali, n'kuyala pansi chisoti chija, chochapa bwino, chomwe anachitola m'fumbi tsiku lija.

“Abambo, ine ndinkadziwa kuti chinanditsekera mawu ndi nyimbo ndi fumbi,” anatero akulira. “Ndinakuwa. Mulungu ndi mboni, ndinakuwa kuti musiyeni, siyani bambowo, mphakayo alibe mlandu. Ndinakuwa mpaka kukhosi kunatuluka magazi. Palibe anandimva.”

Che Kassimu anatola chisoticho ndi dzanja lamanzere, n'kuchiyang'ana m'kati, momwe ananyamuliramo kamphaka kaja kalekale.

“Dzukani, Amayi,” anatero. “Ine ndakhala zaka zisanu ndi ziwiri ndi wotsegula pakamwa popanda mawu. Ndinakumvani. Pa anthu onse aja, ndinakumvani ndine ndekha.”