Mfumu Yomwe Inafa mu Januwale

Ndikamva fungo la belo la salaula, zovala zakale zochokera kunja zija, ndimakumbukira sewero lathu la kusukulu ku Nangongwe. Linali la chaka cha 1066, pamene dziko la Mangalande linaona mafumu atatu chaka chimodzi. Woloweza mawu onse ndinali ine, koma ufumu wopambana nkhondo aticha anaupatsa mnzanga, chifukwa amayi ake ogulitsa salaula anam'bwereka chikhoti chofiira.

"Nanga ine, ba ticha?"

"Iwe ndiwe mfumu yoyamba. Uzafa mu Januwale."

Ndinagona pasimenti, atandifunditsa thumba la feteleza la kufakitale komwe anachotsa atate ntchito. Makolo akuwomba m'manja, mnzangayo anandilumpha kukavala chisoti chachifumu, chikhoti chija chikukwekwesa kumaso kwanga. Ine wakufa, ndinatulutsa dzanja n'kumukoka mwendo.